Tayala la mpikisano pa msewu wa kumunda: zimene eni njinga zamoto ayenera kuwerenga asanagule

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, ogulitsa zipangizo za njinga zamoto ku Etatara ndi m'tauni ya Cuamba sapuma. Mlimi amene wagulitsa soya, nandolo kapena thonje amafuna kukonzetsa njinga yake ndalama zisanathere ku zina, ndipo matayala amakhala poyambirira. Ndi chimodzimodzinso ku Mandimba, ku Mitande ndi ku Massangulo m'boma la Ngauma ndalama za fodya zikatuluka.

M'shopu mumapachikidwa matayala a mitundu ingapo. Lina lili ndi mano akuluakulu ngati la thalakitala. Lina lili ndi mizere yambiri ing'onoing'ono. Koma limene limakopa maso a anyamata ambiri ndi lija lonenepa, losalala, la mizere yochepa yopendekera, lofanana ndi la njinga za mpikisano zimene amaziona pa kanema. Anthu amalitcha tayala la sipoti. Ndi lokongola ndithu, ndipo njinga ikavala limeneli imaoneka yodula kuposa mtengo wake.

Nkhani yagona pakuti kodi tayala limeneli lingamufikitse munthu kuchipatala mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse, kumbuyo atakweza mayi amene matenda ayamba. Kuno njinga yamoto si ya masewera. Ndiyo imatuta matumba kumunda, imatenga odwala, imapita kumaliro, ndipo kwa anyamata a kabaza, amene mbali ino ya malire amatchedwanso a táxi-mota, njingayo ndiyo munda wawo. Njinga yonse pamodzi ndi anthu ndi katundu imagunda pansi pa malo awiri okha, ndipo malo alionse saposa chikhatho cha munthu wamkulu. Kugwira buleki, kukhota ndi kukwera chitunda, zonsezi zimadalira timalo tiwiriti.

Tayala la sipoti linapangidwira phula

Pa mpikisano waukulu wa njinga zamoto padziko lonse wotchedwa MotoGP, njinga zimathamanga liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Kuyambira mu 2016 matayala ake akhala akuchokera ku kampani ya Michelin ya ku France, ndipo amene amagwiritsidwa ntchito kunja kukakhala kouma alibe mzere ngakhale umodzi. Mpikisano usanayambe amawafunditsa mabulangeti a magetsi, chifukwa labala wake amamata bwino pa phula akatentha. Mpikisano umodzi ndi wa makilomita 100 ndi pang'ono, ndipo ukatha ntchito ya tayalalo yathera pomwepo. Mvula ikayamba, othamangawo amasiya njinga zawo n'kukwera zina za matayala a mizere.

Tayala la sipoti logulitsidwa m'mashopu ndi msuweni wa limeneli. Lili ndi labala wofewa, mizere yochepa, msana wozungulira kuti njinga izipendekera bwino pokhota, ndi khoma la m'mbali lalifupi kuti lisamagwedere pa liwiro lalikulu. Pa phula louma ndi losalala zonsezi ndi zabwino. Pa msewu wa dothi chilichonse mwa izi chimasanduka vuto. Labala wofewa amadyedwa msanga ndi miyala. Mizere yochepa ndi yosaya imadzaza matope njinga isanapite patali, tayala n'kusanduka mpira wa dothi wosagwira kanthu. Khoma lalifupi likutanthauza kuti pakati pa mwala ndi limu pali mpweya wochepa, choncho njinga ikagwa m'dzenje, imene imalandira nkhonya ndi limu.

Matayala ena otsika mtengo angotengera maonekedwe okha a sipoti. Mizere ndi yomweyo koma labala wake ndi wouma. Tayala lotere limagwa konsekonse: m'matope lilibe mano, pa phula lonyowa silimata.

Ulendo umodzi, misewu itatu

Kumapeto kwa chaka cha 2021 boma linatsegulira msewu wa phula wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi ku Massangulo mpaka ku Lichinga, mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Msewuwu unasintha kayendedwe ka anthu. Malo amene kale njinga inkayenda mozemba maenje, lero imathamanga mopanda chodukiza, ndipo ndi apa pamene chilakolako cha tayala la sipoti chinakulira.

Koma minda sili pa phula. Amene amachoka m'midzi ya ku Etatara kupita kumsika wa ku Cuamba, kapena amene amachoka cha ku nyanja ya Amaramba kupita ku Mandimba, amayamba ulendo wake pa njira ya dothi ndipo amamalizanso pa njira yomweyo madzulo. Dothi la katondo likanyowa limaterera ngati therere. Makande a m'madambo amamata pa tayala mpaka kutseka madigadi, gudumu lakutsogolo n'kuleka kuzungulira. M'chilimwe mavuto amakhala mchenga wa m'mitsinje youma ndi fumbi lobisa maenje, pamene m'mapiri a ku Ngauma miyala ndi imene imang'amba matayala. Munthu mmodzi akhoza kukumana ndi matope, miyala ndi phula pa ulendo umodzi wa m'mawa.

Chifukwa cha ichi, tayala lisankhidwe potengera chigawo choipitsitsa cha msewu umene njinga imayendamo sabata ndi sabata. Ngati pa makilomita 40 aliwonse, makilomita 8 ndi a matope, ndi makilomita 8 amenewo amene angagwetse munthu, ndipo tayala liyenera kukhala lokonzekera amenewo.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense athamangire tayala la mano akuluakulu. Limeneli m'matope ndi mumchenga ndi mfumu, chifukwa mano ake amaluma pansi ndipo mipata ya pakati pake imalavula matope gudumu likamazungulira. Koma likakwera pa phula limagunda pansi ndi nsonga za mano zokha. Limalira, limanjenjemeretsa manja, limatha msanga, ndipo pokhota mano a m'mbali amapindika moti njinga imakhala ngati ikuyandama. Pa phula lonyowa buleki yake imatenga mtunda wautali. Kale msewu wa Cuamba ndi Mandimba uli wa dothi vuto limeneli silinkaoneka kwambiri. Lero wa kabaza amene amathamanga tsiku lonse pa N13 ndi tayala la mano okhaokha nayenso akudziika pa ngozi.

Kwa anthu ambiri a m'madera ano yankho lili pakati. Pali tayala la mabuloko oyandikana pamsana pake ndi mipata yotakasuka m'mbali. Msana wake umayenda bwino pa phula, ndipo m'mbali mwake mumaluma dothi. Opanga ena amalemba pa pepala la tayala manambala ngati 50/50 kapena 70/30 posonyeza gawo la phula ndi gawo la dothi limene analipangira. Silipambana la sipoti pa phula louma, silipambana la mano m'makande, koma silimukana munthu pena paliponse. Njinga zazitali zimene alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito zaumoyo amayendera, monga Honda XL125 ndi Yamaha DT125, zimabwera ndi matayala a mtundu umenewu, lakutsogolo 2.75-21 ndi lakumbuyo 4.10-18. Gudumu lalikulu lakutsogolo limadutsa pa dzenje m'malo mogweramo.

Zolembedwa m'mbali mwa tayala

M'mashopu a ku Cuamba tayala amati pneu ndipo chubu amati câmara de ar. Kutsidya ku Chiponde, m'boma la Mangochi ku Malawi, amangoti tayala ndi chubu. Kaya munthu akulipira meticais kaya makwacha, manambala a m'mbali mwa tayala ndi amodzimodzi, ndipo ndi amene amanena zoona kuposa wogulitsa. Matayala a MRF ndi CEAT a ku India, a Kenda ndi CST ochokera ku makampani a ku Taiwan, ndi ena ambiri a ku China, onse amalembedwa mofanana.

Choyamba ndi saizi. Pa njinga zambiri za kumudzi pamalembedwa manambala ngati 2.75-18 kutsogolo ndi 3.00-18 kumbuyo, kapena 2.75-17 ndi 3.00-17. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala m'mainchesi. Yachiwiri ndi kukula kwa limu, m'mainchesinso. Tayala la 17 silivalidwa pa limu ya 18, ndipo la 18 silikhala pa limu ya 17. Makaniko amene akulimbana nalo ndi zitsulo kuti lilowe mokakamiza akudula waya wa m'milomo ya tayalalo, ndipo waya ameneyu ndi amene amaligwira pa limu.

Matayala ena amalembedwa mwa njira ina, monga 100/90-17. Apa 100 ndi kunenepa m'mamilimita, 90 akutanthauza kuti msinkhu wa khoma la m'mbali ndi magawo 90 pa 100 a kunenepako, ndipo 17 ndi limu. Nambala yapakatiyi ndi yofunika kwa woyenda m'misewu ya miyala. Tayala la 100/90 lili ndi khoma la mamilimita 90, pamene la 110/70, limene limapezeka kutsogolo kwa njinga zambiri za sipoti, lili ndi khoma la mamilimita 77 basi ngakhale likuoneka lalikulu.

Pali chizolowezi choveka tayala lonenepa kuposa limene njinga inabwera nalo, poganiza kuti lonenepa limagwira kwambiri. Limu iliyonse ili ndi mulifupi wake. Tayala lonenepa likapanikizidwa pa limu yopyapyala limatupa pamsana, malo ogunda pansi amachepa m'malo mokula, ndipo limadyeka pakati pokha. Nthawi zina limakhuza tcheni kapena chitsulo chogwira gudumu, ndipo mpata wa pansi pa madigadi ukachepa matope amatsekera msanga. Saizi yoyenera imalembedwa m'kabuku ka njinga, ndipo njinga zambiri zili ndi kapepala komata pafupi ndi tcheni kosonyeza saiziyo pamodzi ndi mpweya wake.

Nambala imene ambiri saiyang'ana

Saizi ikatha pamabwera nambala ina ndi chilembo, monga 47P kapena 52P. Kwa mlimi nambala imeneyi ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa ikunena kulemera kumene tayalalo lingasenze litapopedwa mokwanira. Nambala 42 ikuimira makilogalamu 150, 47 ndi makilogalamu 175, 48 ndi 180, 50 ndi 190, 52 ndi 200, ndipo 56 ndi 224. Matayala awiri a saizi imodzi, onse 3.00-18, akhoza kupachikidwa pa msomali umodzi, lina 47P lina 52P. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 25, theka la thumba la chimanga.

Masamu ake ndi osavuta. Njinga ya 125 kapena 150 imalemera makilogalamu pafupifupi 120, ndipo oposa theka a kulemeraku amatsamira gudumu lakumbuyo, tinene makilogalamu 65. Woyendetsa wa makilogalamu 65 akakhala, pafupifupi 40 mwa amenewa amapitanso kumbuyo. Apa tayala lasenza kale 105. Pa kaliyala pakamangidwa matumba awiri a makilogalamu 50, onse amagwera pa gudumu lomwelo, ndipo afika 205. Tayala la 47P lapitirira malire ake ndi makilogalamu 30. Ngakhale la 52P lapitirira pang'ono. Thumba lachitatu, limene limaoneka kawirikawiri m'misewu nthawi yokolola, palibe tayala la saizi imeneyi limene linapangidwira katundu wotero.

Tayala lolemedwa siliphulika pomwepo, ndipo ichi ndi chimene chimapusitsa anthu. Limapindika kwambiri pa kuzungulira kulikonse, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutentha kumalekanitsa labala ndi ulusi wa mkati pang'onopang'ono. Likhoza kupirira maulendo makumi pa njira ya dothi pamene njinga ikuyenda pang'onopang'ono, kenako n'kudzaphulika pa phula lotentha la Okutobala njinga ili pa liwiro. Katundu akachuluka kumbuyo gudumu lakutsogolo limapepukanso, chiwongolero chimayamba kuvina, ndipo buleki yakutsogolo sigwira bwino. Amene akuona kuti maulendo awiri akudya mafuta ambiri ayerekeze mafutawo ndi mtengo wa tayala, chubu, limu ndi chipatala.

Chilembo cha pambuyo pa nambala chikunena liwiro. J ndi makilomita 100 pa ola, L ndi 120, P ndi 150, S ndi 180, H ndi 210. Wogulitsa akamatamanda tayala kuti ndi la H, mlimi adziwe kuti akulipirira liwiro limene njinga yake sidzalifikako. Pa njinga ya 125 kapena 150, L kapena P ndi wokwanira. Chofunika kufunsa ndi zilembo za PR. Tayala la 4PR ndi la katundu wamba, la 6PR ndi lolimbitsidwa, ndipo ena amalemba mawu akuti REINF. Kumbuyo kwa njinga yonyamula katundu kapena ya kabaza kumafunika 6PR. Ndi louma pang'ono pokwera, koma limapirira kulemera, minga ndi ziputu za m'munda.

Tayala lilinso ndi tsiku lobadwa. Pa matayala ambiri pali kabokosi kozungulira ka manambala anayi, kawirikawiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Ngati palembedwa 1823, tayalalo linapangidwa sabata ya 18 ya chaka cha 2023. Labala amakalamba ngakhale asanagunde pansi, makamaka tayala likapachikidwa panja padzuwa miyezi yambiri monga zimachitikira m'misika. Opanga matayala amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka zisanu liziyang'aniridwa mosamala chaka chilichonse, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mano ake akuoneka amoyo. Wogula akapeza awiri a mtengo umodzi, atenge laling'ono msinkhu.

Zotsala ndi zazifupi. Mawu akuti TUBE TYPE kapena TT akutanthauza tayala lofuna chubu, TUBELESS kapena TL ndi losafuna chubu. Limu ya masipoko pafupifupi nthawi zonse imafuna chubu, chifukwa mpweya umathawira m'mabowo a masipoko. Tayala la TT lisavalidwe lopanda chubu ngakhale limu ikhale yotani. Muvi wojambulidwa m'mbali ukusonyeza kumene tayala liyenera kuzungulira, ndipo ena ali ndi mivi iwiri, wina wa kutsogolo wina wa kumbuyo. Likavalidwa chozondoka, mizere yake sichotsa madzi momwe inapangidwira. Mwini njinga aime pomwepo makaniko akamaveka.

Mpweya

Tayala labwino lopopedwa molakwika limafanana ndi loipa. M'midzi yambiri mpweya umayezedwa ndi chala kapena pomenya tayala ndi sipanala, koma tayala la 6PR limamveka lolimba ngakhale mpweya utachepa kwambiri. Kageji koyezera mpweya ndi kakang'ono ngati cholembera, ndipo anyamata a pa siteji imodzi akhoza kusonkherana n'kugula kamodzi.

Muyezo umasiyana njinga ndi njinga, koma pa njinga za mtundu wa Honda CG125, zimene njinga zambiri za ku China zinatengera kapangidwe kake, kutsogolo kumafuna 1.75 bar, amene ndi 25 psi, kumbuyo 2.0 bar munthu akakhala yekha, ndi 2.25 bar, amene ndi 33 psi, akakweza mnzake. Kuyeza kuchitike m'mawa njinga isanayende. Tayala likatentha mpweya umakwera wokha, ndipo amene amauphwetsa masana poona kuti wachuluka amadzapeza tayala lofewa m'mawa mwake.

Mpweya wochepa ndi umene umapha machubu ambiri. Njinga ikagunda mwala, tayala lofewa limaphwanyika mpaka limu n'kutsina chubu, ndipo pamatuluka timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Komanso tayala lofewa limasuntha pang'onopang'ono pa limu pogwira buleki, n'kumakoka chubu mpaka valavu kuzuka. Valavu ikayamba kuoneka yopendekera, chimenecho ndi chizindikiro. Kuphwetsa pang'ono podutsa mchenga wautali kumathandizadi, koma kokha ngati pali pampu yobwezera mpweya musanafike phula, ndiponso ngati njinga ilibe katundu wolemera. Kupopa mopyola muyezo nako kuli ndi mtengo wake: njinga imadumphadumpha pa miyala ndipo tayala limadyeka pamsana.

Tayala latsopano lizilowa ndi chubu chatsopano cha saizi yake. Chubu chakale chimakhala chitatanuka, ndipo chikalowa m'tayala lina chimapinda makwinya amene amadzang'ambika. Chubu cha 18 m'tayala la 17 chimachitanso zomwezo. Ka lamba ka labala kophimba mitu ya masipoko mkati mwa limu kakaduka, sipoko imaboola chubu kuchokera mkati, munthu n'kumadabwa kuti minga ikuchokera kuti. Chigamba chimodzi kapena ziwiri kumbuyo zimamufikitsa munthu kunyumba. Chubu cha zigamba zambirimbiri kutsogolo n'kusewera ndi moyo.

Amene ali ndi njinga ya sipoti yeniyeni

M'matauni a Cuamba ndi Mandimba muli achinyamata, aphunzitsi ndi ochita malonda amene ali ndi njinga zopangidwa mwa sipoti kuchokera kufakitale, za malimu opanda masipoko ndi matayala opanda chubu. Zambiri zimavala saizi ngati 100/80-17 kapena 110/70-17 kutsogolo, ndi 130/70-17 kapena 140/70-17 kumbuyo. Kwa amenewa saizi siyenera kusinthidwa, koma mtundu wa tayala ukhoza kusankhidwa. Pa saizi zomwezi pamapezeka matayala a maulendo ataliatali, a mizere yambiri ndi yakuya ndi labala wolimba pamsana, ndipo pamapezekanso a mabuloko ang'onoang'ono opangidwira phula ndi dothi. Amene amapita kumudzi kumapeto kwa sabata iliyonse apindula ndi amenewa kuposa la mpikisano.

Pa saizi za njinga zotere nthawi zina pamaoneka chilembo R, monga 140/70R17. Chikusonyeza kuti ulusi wa mkati unayalidwa mwa njira ina yosiyana ndi ya tayala wamba. Matayala a mitundu iwiriyi amapindika mosiyana, choncho asasakanizidwe pa njinga imodzi pokhapokha ngati wopanga njingayo anaitulutsa choncho. Ubwino wa tayala lopanda chubu ndi wakuti msomali ukalowa mpweya umatuluka pang'onopang'ono, ndipo bowo la pamsana limatsekeka gudumu lisanachotsedwe. Kuipa kwake ndi kwakuti limu ikapindika pa mwala mpweya sukhalanso, ndipo limu yotere si mudzi uliwonse umene ingawongoledwe. Bowo la m'khoma la m'mbali silimatidwa, tayala lotero latha.

Kaunjika, ndi nthawi yosintha

Matayala a kaunjika amakopa chifukwa cha mtengo, ndipo ena amakhala ndi mayina otchuka. Koma palibe amene akudziwa kumene linayenda, zimene linagunda ndi chifukwa chimene mwini wake woyamba analichotsera. Ena amachita kukumbidwanso mizere ndi mpeni wotentha kuti aoneke amoyo, pamene labala wotsala pamwamba pa ulusi ndi wochepa kwambiri. Ofuna kugula lotere aliyang'ane mkati ndi tochi ngati muli zigamba kapena ulusi wotuluka, alipinde m'mbali kuti ming'alu ionekere, ndipo awerenge chaka chake. Mtengo weniweni wa tayala umadziwika pougawa ndi miyezi imene lakhala pa njinga. Lotsika mtengo ndi theka koma lotha pa miyezi itatu pamene linzake limatha pa miyezi isanu ndi itatu, ndiye lodula.

Ndalama zikakhala zokwanira tayala limodzi lokha, anthu ambiri amagula lakumbuyo chifukwa ndi limene limatha msanga, ndipo lakutsogolo limakhala zaka osaliganizira. Komatu gudumu lakumbuyo likaterereka woyendetsa wozolowera amatha kuibweza njinga. Lakutsogolo likaterereka kapena kuphulika, munthu amapezeka pansi asanadziwe chimene chachitika, ndipo mphamvu yaikulu ya buleki ili kutsogolo komweko. Lakutsogolo silionetsa kutha kwake msanga. Limadyeka mokhala ngati masitepe m'mbali, kapena limauma n'kuchita ming'alu mano ake adakali ataliatali.

M'mphepete mwa tayala muli kachizindikiro ka zilembo za TWI kapena ka katatu kakang'ono. Moyang'anizana nako, mkati mwa mzere, muli kachitunda ka labala. Msana wa tayala ukadyeka mpaka kulingana ndi kachitundako, tayalalo lafika pa mapeto. Amenewo ndi malire a pa phula. Woyenda m'matope asadikire kufika pamenepo, chifukwa mano akatha theka tayala limakhala litasiya kale kuluma katondo. Chotupa m'mbali, ulusi woonekera ndi mng'alu wozungulira tsinde la mano, chilichonse mwa izi ndi chokwanira kulichotsa tsiku lomwelo.

Tayala latsopano limatuluka m'fakitale ndi khungu loterera, ndipo limafuna makilomita 100 kapena kuposerapo oyenda modekha, osapendekera kwambiri pokhota ndi osagwira buleki mwadzidzidzi, kuti khungulo lichoke. Choncho nthawi yabwino yoveka ndi Seputembala kapena Okutobala, misewu idakali youma ndipo ndalama za zokolola zisanathere ku mbewu ndi feteleza. Mvula yoyamba ya Novembala imatsuka fumbi ndi mafuta amene aunjikana pa phula chilimwe chonse, ndipo masiku amenewo N13 amaterera kwambiri. Tayala logulidwa mu Januwale, njinga itagwetsa kale munthu, limayambira ntchito yake pa msewu wonyowa likadali ndi khungu lake.